Sizoni ya mpira wa amayi ku United States, Mexico ndi Canada: kodi chikho chimapita kwa timu yoyeneradi?

Kansas City Current inamaliza sizoni ya 2025 ndi mapointi 65 pa masewero 26, ndipo palibe timu ina yomwe inafikapo pamenepo mu NWSL, ligi yaikulu ya amayi ku United States. Patangotha sabata imodzi, timuyi inali itatuluka kale mu mpikisano wa chikho. Gotham FC, yomwe inalowa ndime yachipulula ili pa nambala 8, inaigonjetsa 2-1 pabwalo la Kansas City lomwe la CPKC mu mphindi zowonjezera, kenaka Gotham yomweyo inakanyamula chikho itachinya Washington Spirit 1-0. Pomwe mphindi 90 zimatha, Kansas City ndi Gotham anali 1-1. Kuwoloka malire kumwera, ku Mexico, kufanana mphamvu koteroko sikutulutsa timu yotsogola. Malamulo a kumeneko ndi ena, ndipo a ku Canada ndi enanso.

Ku United States sizoni ndi imodzi pachaka, kuyambira Malichi mpaka Novembala. Mu 2024 ndi 2025 munali matimu 14, ndipo iliyonse imakumana ndi inzake kawiri, pakhomo ndi koyenda. Kupambana ndi mapointi 3, kufanana mphamvu ndi pointi 1. Timu yomaliza pamwamba imalandira mbale yotchedwa NWSL Shield, koma satchedwa akatswiri a ligi. Ukatswiri umapezeka mu ndime yachipulula ya matimu 8: woyamba akumana ndi wa nambala 8, wachiwiri ndi wa nambala 7, motero. Masewerowa ndi amodzi okha. Yomwe inali pamwamba imasewerera pakhomo, basi, phindu lake lathera pomwepo. Zikafanana pamakhala mphindi 30 zowonjezera, kenaka mapenate. Masewero otsiriza amachitikira pabwalo lomwe ligi inasankhiratu. Choncho ntchito ya miyezi 8 imatha kuonongeka tsiku limodzi, makamaka ngati wogoletsa wamkulu wavulala. Temwa Chawinga, yemwe anamwetsa zigoli 20 mu 2024 n'kuswa mbiri ya Sam Kerr ya zigoli 18, ndiponso anatsogola pa zigoli mu 2025, sanasewere tsiku lomwe Kansas City imatuluka.

Liga MX Femenil, ligi yaikulu ya amayi ku Mexico, imadula chaka pawiri. Apertura imayamba mu Julayi n'kutha cha mu Novembala, Clausura imayamba mu Januwale n'kutha mu Meyi, ndipo iliyonse ili ndi akatswiri akeake. Matimu ndi 18 ndipo amakumana kamodzi kokha, kutanthauza masewero 17. Amene munamulandira pakhomo mu Apertura mumakamupeza kwawo mu Clausura. Matimu 8 apamwamba amalowa mu mpikisano wachipulula wotchedwa Liguilla, komwe ndime iliyonse imaseweredwa kawiri, ndipo masewero achibwereza amakhala pakhomo pa timu yomwe inamaliza pamwamba. Chofunika kwambiri ndi ichi: mu makotafainolo ndi masemifainolo, zigoli za masewero awiriwo zikafanana, yopitirira ndi yomwe inali pamwamba pa ndandanda. Timu ya nambala 8 iyenera kupambana ndithu, kutseka kumbuyo n'kudikira mapenate sikuthandiza. Pa mfundo iyi yokha, a Mexico anaganiza bwino kuposa anansi awo. Mapointi omwe timu inavutikira amakhala ndi ntchito mpaka pakhomo la masewero otsiriza.

Koma sizoni yaifupi ili ndi nkhanza zake. Timu ikagonja masewero anayi oyambirira ndiye kuti yataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpikisano wonse, ndipo eni ake sachedwa kuchotsa mphunzitsi. Wosewera watsopano alibe nthawi yozolowera. Werenganinso katundu wa pathupi: timu yofika masewero otsiriza mu Apertura ndi Clausura momwe imasewera 17 kuphatikiza 6, kawiri, omwe ndi masewero 46 pachaka, pomwe akatswiri a NWSL mu 2025 anasewera 29. Wosewera akaduka mtsempha wa m'bondo, womwe nthawi zambiri umatenga miyezi 9 kapena chaka chathunthu kuti uchire, ku Mexico amaphonya zikho ziwiri. Mbali yabwino ndi yakuti timu yomwe yayamba moipa siidikira chaka chonse, mu Januwale ndandanda imayambiranso pa 0.

Nyengo ndi mtunda zimavutitsa mosiyana. Ku United States vuto ndi ulendo ndi kutentha. Kuchoka ku Seattle kupita ku Orlando ndi makilomita oposa 4,000, ndipo nthawi imasiyana ndi maola atatu, kotero timu imataya tsiku lokonzekera pa ulendo wokha. Pakati pa sizoni pamagwera Julayi ndi Ogasiti, miyezi yotentha kwambiri, ndipo masewero a masana omwe makanema amawakonda ndi omwe amachedwetsedwa kutentha kukapyola muyezo. Pamwamba pa izo ligi imaima milungu ingapo m'chaka cha World Cup kapena Olympics. Ku Mexico vuto ndi mapiri. Mexico City ili pa mamita pafupifupi 2,240 kuchokera pa nyanja, Toluca imapyola mamita 2,600, ndipo timu yochokera kumunsi ngati Tijuana imayamba kupuma movutikira chigawo chachiwiri chisanafike patali.

Kusiyana kwenikweni kuli pa funso lakuti timu ndi ya ndani. Anthu a ku United States anapsa kawiri. Ligi ya WUSA inayamba mu 2001 n'kugwa mu 2003, ya WPS inayamba mu 2009 n'kusewera komaliza mu 2011, zonse masizoni atatuatatu. N'chifukwa chake NWSL inayamba mu 2013 mwamantha, ndi matimu 8 komanso malipiro ochepa, ndipo mabungwe a mpira a United States, Canada ndi Mexico ndiwo amalipira osewera a matimu awo a dziko omwe anali mu ligiyo. Lero timu iliyonse ndi bizinesi yoima payokha. Zina zili ndi eni ake amodzi ndi timu ya abambo, monga Orlando Pride, koma palibe lamulo lokakamiza. Wofuna kulowa amagula malo: Bay FC inalipira madola 53 miliyoni, Denver inalipira madola 110 miliyoni, ndipo mu 2026 Denver ndi Boston zikufikitsa ligiyi pa matimu 16 ndi masewero 30. Munthu amene watulutsa ndalama zotere sangaiwale timu yake. Eni ake a Kansas City anafika pomanga bwalo la CPKC la anthu 11,500, lomwe linatsegulidwa mu Malichi 2024, lomangidwira timu ya amayi yeniyeniyo. Koma mwini akatopa palibe wogwira timu, monga zinachitikira Boston Breakers yomwe inatha kumayambiriro a 2018.

Mexico inasiya kutumiza osewera ake ku NWSL mu 2016 ndipo inadzera njira yachidule. Timu iliyonse ya abambo ya mu ligi yaikulu inalamulidwa kukhala ndi timu ya amayi. Ligi inayamba mu Julayi 2017 ndi matimu 16, ndipo Guadalajara inatenga chikho choyamba itagonjetsa Pachuca. Mabwalo, malo ochitira zokonzekera, madokotala ndi ochemerera zinalipo kale, udani wa matimu unalinso wokhwima kale. Mu 2018, ligi isanakwanitse n'chaka chomwe, masewero otsiriza a Monterrey ndi Tigres anakopa anthu 51,211, ndipo mu 2023 anthu 58,156 analowa mu Estadio Azteca kukaona América ikugonjetsa Pachuca. Palibe njira ina yomwe ikanabweretsa khamu lotere msanga chonchi.

Mtengo wake ndi wakuti timu ya amayi ili ngati mwana wa kumsana, komwe wapita womubereka iyenso ali komweko, ndipo akagwa amagwera limodzi. Veracruz itachotsedwa mu ligi ya abambo mu Disembala 2019 chifukwa cha ngongole, timu yake ya amayi inathera pomwepo. Monarcas Morelia itasamutsidwira ku Mazatlán mu 2020, ya amayi inasamukanso. Ndipo lamulo limakakamiza kukhala ndi timu, silikakamiza kuikonda. Eni ake ena amangokwaniritsa lamulo ndi ndalama zochepetsetsa, podziwa kuti palibe kutuluka mu ligi. Zotsatira zake zimaoneka pa mndandanda wa akatswiri: kuyambira 2017 kufika 2025 chikho chazungulira pakati pa matimu asanu okha, Tigres, Monterrey, América, Guadalajara ndi Pachuca, ndipo Tigres ndiyo yatenga kambiri. Masabata ambiri a sizoni amatha ndi zigoli zochuluka mbali imodzi.

Ku NWSL nakonso kulibe kutuluka mu ligi, koma chomwe chimayandikizitsa matimu ndi malire a malipiro. Mu 2025 timu siimaloledwa kupyola madola 3.3 miliyoni pa osewera onse, ndipo wolandira zochepetsetsa amapeza madola 48,500 pachaka. Mgwirizano womwe ligi inasainirana ndi bungwe la osewera mu Ogasiti 2024 ukukweza malirewo mpaka madola 5.1 miliyoni ndi malipiro otsikitsitsa mpaka madola 82,500 pofika 2030. Mgwirizano womwewo unathetsa dongosolo lomwe matimu amasankhana osewera ochokera ku makoleji mosinthana, unapereka ufulu kwa wosewera aliyense kupita komwe akufuna kontrakiti ikatha, ndiponso unaletsa kusinthanitsa wosewera iye asanavomere. Ndalama za makanema, madola 240 miliyoni pa zaka zinayi, ligi inazigulitsa pamodzi, pomwe ku Mexico timu iliyonse imadzigulitsira yokha. Kufanana mphamvu kwake kumaonekadi. Gotham inamaliza kumchira mu 2022 n'kukhala akatswiri mu 2023. Orlando inatenga Shield ndi chikho chomwe mu 2024, Barbra Banda atagoletsa chigoli chokhacho cha masewero otsiriza. Chovuta n'chakuti malire omwewo amamanga manja timu ikafuna kusunga katswiri amene Chelsea kapena Lyon akumufuna, ndipo Naomi Girma anachoka ku San Diego kupita ku Chelsea mu Januwale 2025 pa madola 1.1 miliyoni.

Mexico nayo inakhalapo ndi malire a malipiro, koma a mtundu wina. Mu 2021 bungwe loona za mpikisano pa malonda la COFECE linalipiritsa chindapusa matimu 17 ndi bungwe la mpira chifukwa, mwa zina, anapangana mwamseri kuti wosewera wa zaka zoposa 23 asalandire zopyola mapeso 2,000 pamwezi, ndipo wa zaka zochepera apo azilandira mapeso 500. Malire a NWSL anakambirana ndi osewera ndipo ali ndi pansi pomwe malipiro sangatsikire, awa anali denga lokhalokha. Kuchokera nthawiyo matimu olemera atsegula matumba. Osewera akunja anayamba kuloledwa mu 2021, awiri pa timu iliyonse poyamba, ndipo Jenni Hermoso wa ku Spain anapita ku Pachuca mu 2022 kenaka ku Tigres, komwe Thembi Kgatlana wa ku South Africa anafika akuchokera ku NWSL. Ulendo wopita kumpoto uliponso: Orlando inagula Lizbeth Ovalle ku Tigres mu Ogasiti 2025 pa ndalama zomwe zinanenedwa kuti ndi madola 1.5 miliyoni.

Canada inatenga mendulo ya golide pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021 ilibe ligi yakeyake yolipira. Northern Super League, yomwe anaiyambitsa ndi Diana Matheson, wosewera wakale wa timu ya dzikolo, inayamba mu Epulo 2025 ndi matimu 6: Vancouver, Calgary, Toronto, Ottawa, Montreal ndi Halifax. Inatengera kalendala ndi umwini woima pawokha kwa anansi a kumwera, inaika malipiro otsikitsitsa pa madola 50,000 a ku Canada, ndipo masemifainolo ake amaseweredwa kawiri. Pofuna kukwanitsa masewero 25, timu iliyonse imakumana ndi inzake kasanu, nambala yosagawika, kotero wina amasewerera pakhomo katatu mnzake kawiri. Nakonso wotsogola pa ndandanda, AFC Toronto, anagonja 2-1 kwa Vancouver Rise m'masewero otsiriza.

Matimu a United States ndi Mexico amakumana pabwalo mu Concacaf W Champions Cup, mpikisano wa matimu apamwamba a amayi a m'chigawo chawo. Masewero otsiriza oyamba, mu Meyi 2025, Gotham inachinya Tigres 1-0 ku Monterrey komweko, chigoli cha Esther González. Kuyeza maligi awiriwa ndi masewero otere n'kovuta, chifukwa mu Meyi timu ya NWSL imakhala yalimba kumene, pomwe ya Mexico ikumaliza mpikisano wake wachiwiri miyendo itatopa. Kalendala yomweyo imatembenukira a NWSL kwina: kupambanako kunapatsa Gotham malo mu FIFA Women's Champions Cup, mpikisano wa akatswiri a zigawo za dziko lapansi, ku London mu Januwale 2026, pakati pa tchuthi chake, patapita miyezi iwiri osasewera masewero a ligi.