Ku Chipata wakuba wa pafoni amamunenera pa *707#, kuno tikungolozerana makomo

Uthenga uja woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" wachulukanso masiku ano, pamodzi ndi uja wa dalaivala wa katundu wochokera ku Joni amene akuti wakodwa pa chipata cha Mwanza. Bodza lake ndi limodzimodzi kuno ndi ku Zambia. Chimene chikundiwawa ndi zimene zimachitika munthu akangoulandira.

Wa ku Chipata, ku Zambia, amaimba *707#, n'kulemba nambala yomwe yatumiza uthengawo, basi wamaliza. Kaya ali pa MTN, Airtel kapena Zamtel, khomo ndi lomwelo, ndipo dandaulo limakafika ku ZICTA, bungwe loyang'anira zamafoni kumeneko, lomwe lili ndi mphamvu zotseketsa simu khadiyo. Tsono dutsani pa Mwami mufike pa Mchinji. Uyambe waimbira kampani yako. Ngati wakubayo ali pa netiweki ina, nkhani yatalika kale. Kenako upite kupolisi ukalembetse, ndipo MACRA, bungwe loyang'anira zamafoni kuno, pa nambala yake ya 261, imabwera pambuyo, kampani ikalephera kukuthandiza. Makomo atatu, aliyense ndi kaundula wakewake, pamene mayi wogulitsa tomato pamsika amafunika khomo limodzi loti aliloweze pamtima ngati *211# kapena *444#.

Kuchedwako ndiye phindu la wakuba. Ndalama ikangolowa, amaikankhira ku simu yachiwiri, mwina yachitatu, mnzake n'kukaitapa kwa ejenti mphindi zochepa zisanathe. Kubweza ndalama kumatheka ikadali mu akaunti yomwe inalandira. Ikatuluka, yapita. Ndipo nambala imene sinanenedwe msanga imabera anthu makumi ena tsiku lomwelo. Apolisi akhala akunena kuti ambiri mwa mauthengawa amachokera m'ndende ya Zomba, ndiye wina afotokoze kuti simu zolembetsa bwinobwino zimafika bwanji m'manja mwa mkaidi. Yankho tonse tikulidziwa: ejenti wosakhulupirika amajambula chiphaso cha nzika cha gogo wakumudzi, n'kulembetserapo simu zina zingapo zogulitsa. Kalembera wa simu wa 2018 uja anabowokera pamenepo. Komanso kutseka simu yokha n'kudula udzu kusiya mizu, chifukwa foni ikadalipo. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya IMEI, ya madijiti 15, imene imaoneka mukaimba *#06#. Imeneyo ikatsekedwa pa TNM ndi Airtel nthawi imodzi, wakuba ayenera kugula foni ina ulendo uliwonse.

Malamulo tili nawo, asatinamize. La Electronic Transactions and Cyber Security linabwera mu 2016, n'kukhazikitsa Malawi CERT, gulu lothana ndi ziwembu za pa intaneti, pansi pa MACRA, Zambia isanakhale ndi lake la 2021. Loteteza zinsinsi za anthu tinalipeza mu 2024. Koma chaka chomwecho, mu February, Pulezidenti wa nthawiyo, a Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba alowa m'makina osindikizira ziphaso zoyendera ndipo akufuna dipo. Anthu anakhala masabata opanda pasipoti. Banki yaikulu ya Zambia inagwidwa ndi akuba a mtundu womwewo mu May 2022, inakana kulipira, ndipo ntchito zinabwerera mwakale posakhalitsa. Amene ali ndi makope a deta osungidwa padera, osalumikizidwa ku netiweki, komanso makiyi a makina ali m'manja mwake, saopsezedwa ndi dipo.

Apa ndivomereze, dzanja lolimba la anzathuwa limapwetekanso eni ake. Pa 12 August 2021, tsiku lachisankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinathima ku Zambia mpaka bungwe la Chapter One Foundation linathamangira kukhoti. Malamulo awo atsopano a April 2025 aika bungwe la chitetezo cha pa intaneti pansi pa ofesi ya pulezidenti, ndipo maloya awo omwe adandaula za mphamvu zomvetsera mauthenga a anthu. Zimenezo asunge konko. Za ku Mozambique, kumene intaneti ya pafoni inkazimazima chitatha chisankho cha October 2024, sindikuzisirira n'komwe.

Chimene ndikufuna kwa MACRA n'chaching'ono: nambala imodzi yaifupi, yaulere, yogwira pa TNM ndi Airtel, yolembedwa m'Chichewa ndi Chitumbuka. Nambala ikanenedwa ndi anthu atatu osiyana, akaunti yake iyambe yaimitsidwa kwa maola 24 uku akufufuza. Ikapezeka yolakwa, atseke simu, atseke IMEI, ndipo ejenti amene anailembetsa amulande chilolezo. Mwezi ukatha, atiuze poyera kuti atseka zingati.