Kuyeza magazi si kujambula mutu, anthu inu

Uthenga uja ukuzungulira pa WhatsApp wandikwiyitsa, woti munthu akamenyetsa mutu pangozi basi kungomuyeza magazi, CT sikani, makina ojambula m'kati mwa mutu, yatha ntchito. Bodza lamkunkhuniza! Magazi saonetsa ubongo. Ntchito ya kuyezako ndi imodzi yokha, kuthandiza dokotala kusankha amene angathe kumusiya osamujambula.

Ubongo ukavulala, mapuloteni a GFAP ndi UCH-L1 amadutsira m'magazi. Ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linavomereza kuyeza kumeneku mu 2018, magazi ake otengedwa pasanathe maola 12. Kachipangizo ka i-STAT ka kampani ya Abbott kamapereka zotsatira pa mphindi 15, ndipo kuyambira 2024 amalola mpaka maola 24. Koma ndi za munthu wazaka 18 kupita m'tsogolo, wovulala pang'ono, amene GCS yake, muyeso wa mmene munthu alili wotsitsimuka, ili 13 mpaka 15. Mwana ayi. Wokomoka osatsitsimuka ayi.

Zotsatira zikatuluka zotsika, mpata woti magazi akukha m'kati mwa mutu ndi wochepa kwambiri, sikani mungaisiye. Zikatuluka zokwera sindiye kuti mwapeza matenda, mwangouzidwa kuti pitani mukajambule. Ambiri otero akajambulidwa sapezeka ndi kanthu, makamaka agogo, poti GFAP imakwera ndi ukalamba. Nayo S100B, puloteni ina yoyezedwa m'magazi ku Scandinavia, imene amafuna ikhale pansi pa 0.10 µg/L pasanathe maola 6, imakwera munthu akangothyoka mwendo, ndiponso mwa ife akhungu lakuda imakhala yokwererapo kale.

Ndiye munthu akusanza mobwerezabwereza, wagwa khunyu, madzi oyera akutuluka m'khutu kapena m'mphuno, kadontho kakuda ka diso limodzi kakula kuposa kanzake, akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, inu n'kumati tidikire magazi? Ameneyo ndi wa sikani pompopompo, zamagazi zilibe nawo ntchito. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Magazi amathandiza maso ndi manja a dokotala, salowa m'malo mwake, salowanso m'malo mwa makina. Mwina anthu akungotopa ndi mtunda ndi mtengo wa sikani, koma kutopa sikusintha zimenezi.

Ndipo tisanafike n'komwe kumeneko, a kabaza inu, chipewa chija mumachipachika pa handulo n'cha ndani? Munyamula anthu awiri kumbuyo, mitu ili pamtunda, chanu chomwe lamba wake simunamange.