Ndinapempha woyenda naye, osati wondiseka

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo madzulo ndinalemba mugulupu ina ya pa WhatsApp, ya anthu oti timadziwana kuyambira kalekale, ndinalemba mwaulemu ndithu kuti anzanga ine ndayamba zochepetsa thupi, adokotala andiuza kuti BP yakwera ndipo shuga naye watsala pang'ono, kodi alipo amene angamayende nane m'mawa olo kumangondifunsako pafoni kuti lero mwayenda? Basi, ndinalemba zomwezo. Ndipo ndinalemba nkufufuta, kulembanso nkufufutanso, chala chikuchita kunjenjemera, chifukwa munthu wa thupi ngati langali kuti afike poyankhula pagulu za thupi lake ndekuti madzi afika mkhosi.

Yankho loyamba linali loti "asisi nkhaniyo ndiyaifupi, ingotsekani pakamwa basi", kumapeto kwake tinkhope toseka. Wina anabwera nkuponyapo sitika ya mvuu. Ena onse anawerenga nkungoti zii.

Ine ndinapempha woyenda naye. Sindinapemphe nthabwala, sindinapemphe wondiweruza, sindinafunsenso kuti kodi ndine wonenepa kapena ayi. Ndinapempha munthu. Nde munthu akuti ndigwireni dzanja inu mukumuponyera mvuu, mtima wake ndi wotani umenewo?

Mukuganiza kuti sindikudziwa kuti ndanenepa? Ndikudziwa kuposa wina aliyense mugulupu muja. Ndine amene ndinakwera pasikelo nkuona 140. Ndine amene adokotala anandiwerengera BMI, ija amatenga makilo ako nkugawa ndi kutalika kwako mmamita kochulukitsa ndi kutalika komweko, nkundiuza kuti kuyambira 30 ndi kunenepa koti ndi matenda ndipo kuyambira 40 ndiye kwafika poopsa, yanga inali itadutsa kale pamenepo. Ndine amene anesi anayesa kundimanga lamba woyezera BP koma wosakwana pamkono, kumata nkumatuka, kumata nkumatuka, mpaka anapita kukasaka wamkulu kuchipinda china ine nditakhala pompo dzanja lili pathebulo anthu apamzere akundiyang'ana. Pomanga zingwe za nsapato ndimayamba ndakoka mpweya nkuugwira chifukwa ndikawerama mimba imatseka befu, ndikamadzuka maso achita mdima. Ndikalowa pamalo maso anga amayamba asaka mpando wopanda zogwira mmbali anthu ndisanawapatse moni. Ntchafu zimakhulana mpaka kusupuka. Usiku ndimadzidzimuka ngati wina wandikanyanga pakhosi, achipatala akuti mpweya umaima kaye ndili mtulo. Zonsezi ndimakhala nazo ineyo, mmawa ndi usiku, nde inu mukandiuza kuti ndanenepa mwandiuza chachilendo chanji? Chimene ndilibe ndi woyenda naye, ndipo ndichimene ndinapempha.

Ingotsekani pakamwa. Mawu amenewa ndawamva moyo wanga onse, ndipo amene amawanena nthawi zambiri ndi oti sanayesepo kutsitsa olo kilo imodzi. Thupi silingovomera kuti lichepe, limalimbana nawe. Ukayamba kutsika mahomoni a njala otchedwa ghrelin amakwera, pomwe leptin amene amauza ubongo kuti mafuta alipo okwanira amatsika, nde njala imakhala yolusa kuposa kale pomwe thupi layamba kuwotcha mphamvu zochepa kuposa kale. Nchifukwa chake anthu ambiri amatsika nkubwereranso, si ulesi ayi. Zoyambitsa kunenepa nzambiri, kumtundu, mankhwala ena, tulo tosakwana, nkhawa, kadyedwe komwe, koma lero sindili pamenepo. Ndili poti munthu amene akumenyana ndi thupi lake lomwe safunika kumenyananso ndi anzake.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lonse anali ndi vuto la kunenepa kwambiri, anthu opitirira 1 biliyoni, ndipo kwa akuluakulu chiwerengero chake chawonjezeka kuposa kawiri kuchokera mu 1990. Onsewa mukawaponyera mvuu? Ena mwa iwo ndi amayi anu, ana anu, ndipo ena mwa inu osekanu mukulowera komweko simukudziwa chabe. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Ndipo chonde musandiuze kuti munkandilimbikitsa. Ndikudziwa mubwera nazo zoti aaa ifetu timangocheza, kapena zoti nthawi zina munthu amafunika kumuuza chilungamo chowawa kuti adzuke. Bodza. Chitonzo chikanakhala chimaondetsa bwenzi ine nditatha kalekale, chifukwa ndatonzedwa kuyambira ndili mwana ndipo sikelo inkangokwera. Ofufuza anaziona kale izi, anthu amene amanyozedwa chifukwa cha thupi lawo ndi amene amapitirira kunenepa, amathawa kuchipatala poopa kukanenedwa, amasiya masewera olimbitsa thupi poopa maso a anthu, amadya mobisala. Ine sindikufunikanso kuwerenga penapake, ndikudziwa mmene zimakhalira. Ukasekedwa sudzuka mmawa mwake ndi mphamvu zokayenda. Umatseka chitseko, umazimitsa foni, ndipo chinthu chokha chimene sichikuseka mnyumbamo ndi chakudya. Mwathandiza pamenepo? Mwamukankhira munthu kudzenje lomwe akuyesetsa kutulukamo, kenako mudzati mwaona tinanena kuti sangakwanitse.

Amene munangokhala chete nanunso mwandiwawa, mwinanso kuposa wa mvuu uja. Mmodzi anabwera kuinbox usiku kuti pepani asisi musawatengere, ndi mmene alili. Zikomo achemwali, koma bwanji simunalembe pagulu pomwepo? Kunyoza pagulu, kupepesa kuseri. Ndipo sindinamve mukuti mawa ndikupezani tiyende. Mawu amenewo ndi amene ndimadikira usiku onse, foni ikalira ndimathamangira kuona, palibe.

Chimene ndikupemphachi nchaching'ono mpaka ndikudabwa kuti chavuta pati. Adokotala sanati ndidzafanane ndi atsikana a pa Instagram. Anati nditatsitsa 5 mpaka 10 peresenti ya thupi langa, kwa ine ndi makilo 7 mpaka 14, BP itha kutsika, shuga kukhazikika, mawondo kupumako. Anati osathamanga, theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata ndi zokwana. Kuyenda kwake ndi mphindi 150 pa sabata, zomwe WHO imalimbikitsa munthu wamkulu aliyense, kutanthauza mphindi 30 masiku asanu, ndipo wa thupi ngati langa amayamba ndi zochepa nkumawonjezera. Ku America kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa Diabetes Prevention Program, zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anthu amene anali pafupi kudwala shuga anauzidwa kutsitsa 7 peresenti ya thupi ndi kuyenda mphindi 150 zomwezi, ndipo chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Koma mvetsetsani apa, anthu aja sanangowauza kuti tsekani pakamwa nkuwasiya. Aliyense anali ndi womutsatira, wokumana naye, womufunsa kuti zikuyenda bwanji. Ngakhale akatswiri amadziwa kuti nkhaniyi siyoyenda wekha. Ine ndapempha zomwezo kwa anthu oti ndimawatcha anzanga, akundipatsa tinkhope toseka.

Mphindi 30 kwa inu ndi zopanda pake, ndikudziwa. Kwa ine ndi nkhondo. Pasanapite patali ndimakhala ndili wefuwefu, msana ukuwotcha, zidendene zikubaya, thukuta kamukamu, ndipo aliyense wodutsa amacheuka. Kucheukako ndi komwe kumapha. Ukakhala wekha diso lililonse limagwera pa iwe ndipo mutu umayamba kukuuza kuti bwerera, ukuzichititsa manyazi. Koma pakakhala wina pambali pako, olo asayankhule kanthu, olo akhale akukamba zake zina, maso aja sakuluma chimodzimodzi, ndi anthu awiri akuyenda basi. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha. Ine sindikuchita mantha ndi msewu, ndikufuna woti tsiku limene mtima wafooka andiimbire kuti ndili panja tulukani.

Thandizo si kundiwerengera zimene zili mmbale mwanga. Si kundiyang'ana pakamwa ndikamatafuna nkumati kodi zimenezo mukuloledwa. Sikutinso muzindikakamiza kuti aaa kamodzi sikapha, landirani, pomwe ndakana mwaulemu, chifukwa anthu omwewo oti tsekani pakamwa ndi omwenso amakwiya ukakana chakumwa chotsekemera chimene akupatsa. Mukufuna chani kwenikweni? Sindikufuna wapolisi, ndikufuna mnzanga. Woti sikelo ikakana kusuntha sabata yonse asandiuze kuti ndekuti mukuba zakudya, andiuze kuti tiyeni mawa tipitenso. Woti ndikamuuza kuti lero ndakwera masitepe osaima panjira asangalale nane osaseka, chifukwa kwa ine chimenecho ndi chachikulu.

Nde ndabwera pano poyera. Ndikudziwa mulipo ambiri ngati ine amene mukuwerenga izi mwakachetechete, amene pachithunzi mumaima kumbuyo kwa anzanu, amene munasiya kupita kumalo ena chifukwa cha mipando, amene munalembapo uthenga ngati wanga uja nkuufufuta osatumiza. Amayi, abambo, achinyamata, kaya mwadutsa 100 kaya 160, kaya munayambapo nkusiya kangati, bwerani tigwirane manja. Lembani mmunsimu kapena kuinbox ngati simukufuna anthu aone. Olo tikhale kutali foni ilipo, tizidzutsana mmawa, tiziuzana kuti ndayenda kapena lero zakanika, opanda woseka mnzake, opanda kujambula mnzake, opanda kutulutsa kunja zimene wina wanena. Amene munatsitsapo thupi nkukhalabe choncho bwerani mutiuze mmene munapiririra miyezi yoyamba ija, osati modzitama, mutiuze ngati anthu oti munadutsamo. Ndipo amene muli ndi BP, shuga kapena vuto la mtima yambani mwaonana ndi achipatala musanasinthe kadyedwe kwambiri, makamaka ngati mukumwa mankhwala a shuga chifukwa shugayo atha kutsika mopitirira. Ife tizilimbikitsana, za mankhwala tisiyire eni ake.

Koma wobwera kudzaseka asabwere. Ndanena poyera, asabwere. Wobwera ndi mawu oti ingotsekani pakamwa atseke pake kaye. Ndatopa kumwetulira anthu akundinyoza kuti ndioneke womasuka, ndatopa kuseka nawo nthabwala zokhudza thupi langa kuti asanene kuti ndine wosachedwa kupsa mtima. Ndine wopsa mtima inde, pankhani iyi ndapsa mtima, chifukwa tikukamba za moyo wanga, za mtima wanga ndi impso zanga, osati za diresi lokavina paphwando.

Ndipo inu ogulitsa matiyi, inunso ndili nanu. Uthenga wanga uja usanazizire nkomwe wina anali atafika kale kuinbox, wamugulupu momwemo, amene sanayankhe kanthu pamene ndimasekedwa, akuti asisi ndili ndi tiyi wosungunula mimba makilo 10 pa sabata imodzi, ndi zithunzi za anthu osadziwika kuti uyu anali chonchi pano ali chonchi. Woyenda nane palibe koma wofuna ndalama zanga wapezeka pompopompo. Matiyi ambiri oterewa amaikamo senna, mankhwala otsegula mmimba, chimene umataya ndi madzi ndi mchere wa mthupi osati mafuta, ukamwa madzi sikelo ibwerera pomwe inali. Ena anapezekapo ndi sibutramine wobisa, mankhwala amene anachotsedwa pamsika ku Europe ndi ku America mu 2010 chifukwa amawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko, nde mukufuna kumwetsa zimenezo munthu wa BP yokwera? Pano mwayambanso kutsatsa majakisoni pa Facebook ngati mukugulitsa mafuta odzola. Semaglutide, uja anthu amamudziwa ndi dzina la Ozempic kapena Wegovy, ndi mankhwala enieni ndipo amathandiza, koma ndi olembedwa ndi dokotala amene azikutsatira, ndipo mu 2024 WHO inachenjeza kuti kukupezeka achinyengo. Inu mukuwatenga kuti, mukuwasunga pati, munthu akakomoka mukayankha ndinu? Mumanunkhiza munthu wotaya mtima patali ngati ntchentche pachilonda. Ndakublokani, ndipo wina akabweranso ndi tiyi wake ndimublokanso.