Osamalira odwala Parkinson's nawonso akufunika thandizo

Nkhani ina yomwe ndawerenga yanena zoona kuti mafizo amathandiza odwala matenda a Parkinson's (matenda a ubongo omwe amachititsa thupi kunjenjemera ndi kuuma) kuyenda bwino, koma yangokhudza pang'ono za anthu owasamalira. Bambo anga, omwe timakhala nawo ku Area 25, miyendo imawauma akafika pakhomo, ndipo dokotala wa mafizo anatiphunzitsa kujambula mizere pansi ndi choko n'kumawawerengera mokweza kuti aponde mzere uliwonse. Njirayi imathandizadi, makamaka mankhwala a levodopa akayamba kugwira ntchito m'thupi. Koma amene amadzuka usiku kuwatembenuza pabedi, kuwamanga mabatani a malaya ndiponso kuwakweza minibasi popita kuchipatala ndi mayi anga, omwe tsopano akudandaula msana. Ndikupempha achipatala kuti aziphunzitsanso osamalira kanyamulidwe koyenera ka wodwala, ndipo achibalefe tizisinthana pa ntchitoyi kuti mayi azipumako.