Lekani kuwaza mankhwala a thonje pa usipa

Ana anga a ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka, ndimvereni ine gogo wanu. Ndakalambira m'mbali mwa nyanja ino, ndipo zimene ndaona sabata yatha zikundisowetsa tulo.

Ndinalawirira kugombe kukagula ndiwo. Mvula inali itagwa usiku wonse, usipa uli mbwee pathandala, wonyowa, kafungo katayamba kale. Mnyamata wina, msinkhu wa mdzukulu wanga, anatulutsa kabotolo ka mankhwala opopera thonje, n'kusungunula m'chigubu, n'kuyamba kuwaza ndi tsache. Ntchentche zinangoti yoyoyo pansi. Nditamufunsa, anayankha uku akuseka: "Agogo, tikapanda kutero mphutsi zitidyera mpamba."

Mpamba? Nanga moyo wa mwana amene akadyere nsima usipa umenewo ku Lilongwe, kaya pa Kamuzu Road pompa, mungaugule ndalama zingati? Chimene chagwetsa ntchentche nthawi yomweyo ndi poizoni. Chimalowerera m'nsomba, mayi wogula sangachione ndi maso, ndipo kutsuka kamodzi sikuchichotsa. Anthu amasanza, kutsegula m'mimba, kumva chizungulire, n'kumanamizira madzi kapena ufiti. Ngakhale Actellic amene ena mukuthira m'matumba a utaka, anapangira chimanga chotonola, pamlingo wake, osati ndiwo.

Makolo athu sankawoletsa nsomba, chonsecho botolo analibe. Dzinja likafika usipa ankaufutsa: kuuviika pang'ono m'madzi owira amchere, kenako n'kuuyanika. Wotere umauma msanga. Kampango, mlamba ndi chambo ankazing'amba, kuchotsa matumbo, n'kuziwamba pautsi mosathamanga mpaka ziume gwa. Chavuta n'chiyani lero? Thandala likhale lokwera kuti mphepo izidutsa pansi, usipa muzimwaza mopyapyala n'kumautembenuza. Zoyanika pamchenga pomwe agalu ndi abakha akupondapo zikutichititsa manyazi, munthu kumakukuta mchenga m'ndiwo yogula ndi ndalama zake. Musalongenso m'thumba usipa usanaumitsitse chifukwa chothamangira lole. Ukatentherana umachita chuku, n'kuyamba kuwawa.

Inu a komiti ya pagombe, mumaziona izi n'kungokhala chete poti wochitayo ndi mlamu wanu. Nanunso amayi, muzinunkhiza musanapereke ndalama. Usipa ukamamveka fungo la mankhwala, kapena ntchentche zikamaulambalala pomwe pamilu ina zikutera, usiyeni pomwepo ngakhale akutsitsireni mtengo.

Ine ndikamuonanso mnyamata uja ndi kabotolo kake, ndimugwira dzanja mpaka kwa amfumu.