Tisaiwale McLaren MP4/4 ya 1988

Mwalemba kuti galimoto ya Red Bull RB19, yomwe inapambana mipikisano 21 mwa 22 m'chaka cha 2023, ilibe inzake m'mbiri ya Formula One, mpikisano wapadziko lonse wa galimoto zothamanga kwambiri, ndipo manambalawo sindikuwatsutsa. Komabe ine mtima wanga udakali pa McLaren MP4/4 ya 1988, yomwe inapambana mipikisano 15 mwa 16 pa nthawi imene galimoto za injini ya turbo (yopopa mpweya wambiri kuti iwonjezere mphamvu) zinkaloledwa malita 150 okha a mafuta pa mpikisano wonse, moti injini yake ya Honda inkayenera kuthamanga kwinaku ikusamala dontho lililonse. Chinanso n'chakuti oyendetsa ake awiri, Ayrton Senna ndi Alain Prost, ankalimbana okhaokha pa galimoto zofanana, Senna n'kupambana mipikisano 8, Prost 7, pamene ku Red Bull Max Verstappen anatenga 19 yekha.

Mpikisano umodzi umene unawapulumukawo, wa ku Monza ku Italy, umandiwawabe mpaka lero. Prost anali atatuluka kale chifukwa cha vuto la injini, ndipo Senna anali patsogolo, kutatsala maulendo awiri okha ozungulira bwalo, pomwe anagundana ndi galimoto ya Williams ya Jean-Louis Schlesser imene ankaipitirira. Gerhard Berger wa Ferrari ndiye anapambana, patangopita milungu yochepa Enzo Ferrari, amene anayambitsa kampani ya Ferrari, atamwalira.