Inu a ku UK, lekani kuseweretsa fomu yofunsira unzika

Abale anga a ku Manchester, Leicester, Nottingham, Glasgow, London ndi kwina konse kuno ku UK, ndimvereni ndipo wina asakwiye, pajatu wakutsina khutu ndi mnansi. Ndatopa nako kumva kuti uje amukaniza unzika wa Britain, ndalama zapita, iye akulira kuti azungu ndi atsankho, pomwe ukafunsitsa upeza kuti anadzipweteka yekha ndi kusasamala. Munthu wavutika zaka zonsezi, kuchezera usiku m'nyumba zosamalira okalamba, kulawirira kuntchito chisanu chikuluma m'mafupa, kulipira viza pamwamba pa viza mpaka kupeza ILR, chilolezo chokhazikika chokhala muno popanda malire a nthawi. Ndiye pofika pa khomo lomaliza akudzaza fomu ya AN, yofunsira unzika, pa foni ali m'basi, mayankho akufunsa pa gulu la WhatsApp. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, ndipo lero sindikunyengererani.

Dziwani kaye kuti unzika umenewu si chinthu chimene mumangotenga chifukwa zaka zakwana. Lamulo la British Nationality Act la 1981 limapatsa nduna ya Home Office, unduna woona za m'dziko ndi za anthu olowa ndi kutuluka, mphamvu yovomera kapena kukana. Mu April 2025 mtengo unafika mapaundi 1,735, kuphatikizapo 130 ya mwambo wolumbira, ndipo umakwerakwera, choncho muziyang'ana pa GOV.UK, tsamba la boma la pa intaneti, musanalipire. Akakukanani amakubwezerani ya mwambo yokhayo, yotsalayo yapita. Apilo kulibe. Mungathe kupempha kuti aunikenso, komatu nakonso n'kolipira. Ndalama imeneyi mukanaitumiza kumudzi ikanalipirira ana angati fizi?

Poyamba pamene mukupunthwa ndi pa masiku. Pa zaka 5 zomaliza simuyenera kukhala kunja kwa UK masiku opitirira 450, ndipo pa miyezi 12 yomaliza asapitirire 90. Amene muli pa banja ndi nzika ya Britain, kwa inu ndi zaka 3 ndi masiku 270, koma 90 aja ndi omwewo. Ife ndi anthu a maliro, a zinkhoswe, a ziliza, ndipo masiku amatha osazindikira. Mayi akadwala kumudzi palibe amene amayang'ana kalendala, ndipo sindingadzudzule mwana wopita kukaika kholo lake. Chimene ndikudana nacho ndi kulemba masiku a m'mutu. "Ndikuganiza kuti ndinakhalako milungu itatu." Mukuganiza? Tulutsani mapasipoti onse, akale omwe, fufuzani matikiti a ndege m'maimelo, lembani ulendo uliwonse, ngakhale uja wa masiku awiri wa ku Paris kapena Dublin. Mukapeza kuti mwapitirira, nenani zoona ndi kufotokoza chifukwa chake, poti Home Office ili ndi mpata woganizira zina. Apo ayi dikirani miyezi ingapo kuti maulendo akale atuluke m'chiwerengero. Unzikawo sukuthawa.

Palinso kamsampha kena kamene ambiri sakadziwa. Kuchokera pa tsiku limene Home Office yalandira pempho lanu, mukawerenga chobwerera zaka 5, kapena 3 kwa apabanja aja, tsiku loyamba la nyengo imeneyo muyenera kuti munali pa nthaka ya UK. Ngati zaka 5 zapitazo Khirisimasi munadyera ku Mangochi, musatumize fomu pa Khirisimasi, dikirani lidutse tsiku limene munabwerera. Kanthu kakang'ono chonchi kangathe kukudyetsani ndalama zonse zija. Ndipo inu amene mwalandira ILR dzulodzuloli, mtima m'malo: pafunika papite miyezi 12, pokhapokha ngati mwamuna kapena mkazi wanu ndi nzika ya Britain.

Tsopano nkhani imene yandichititsa kulemba zonsezi, ya khalidwe. Pa fomu pali mafunso a milandu, zindapusa, ngongole ndi misonkho, ndipo apa m'pamene ndikuona anthu akuluakulu, ena mpaka akulu ampingo, akunama osaphethira. Wina anagwidwa akuyendetsa galimoto atamwa, wina analibe inshuwalansi, wina apolisi anamupatsa chenjezo lolembedwa atamenyana ndi mkazi wake, koma pa fomu akuyankha kuti ayi, sindinapalamulepo. Ukamufunsa akuti zinali zakale, kapena akuti kunali kulipira chabe, sindinapite kundende. Bambo, amene akuwerenga fomu yanuyo amafunsa kupolisi. Mbiri yanu ali nayo kale pa kompyuta, ndipo akukufunsani kuti aone ngati muli munthu wonena zoona. Ngakhale matikiti othamangitsa galimoto kapena oimika polakwika amafuna muwatchule. Nthawi zambiri tikiti imodzi yolipiridwa siikulepheretsani kanthu. Koma mukabisa, nkhani siikhalanso ya galimoto, yasanduka ya chinyengo, ndipo munthu wopezeka kuti ananama angathe kukanidwa kwa zaka 10.

Mlandu waukulu ndiye musachite kubetcha. Kuyambira pa 31 July 2023, amene anagamulidwapo kukhala kundende miyezi 12 kapena kuposerapo kawirikawiri amakanidwa, ngakhale papite zaka zambiri. Kuyambira pa 10 February 2025, amene analowa m'dziko muno mozemba nayenso kawirikawiri amakanidwa, posayang'ana kuti zinachitika liti. Ngati mbiri yanu ili ndi zotere, kapena munakhalapo mapepala atatha, kapena munagwirapo ntchito pa dzina la mnzanu, musathamangire kudina batani. Kaonaneni ndi loya weniweni, mumuuze zonse osasiyako, kuti akuuzeni ngati nthawi yakwana kapena ayi.

Nanga misonkho? Mumaluka tsitsi kunyumba, mumaphika pa maukwati, mumatumiza katundu kumudzi pa mtengo, mumaperekera anthu zakudya usiku, ndalama zikulowa, koma a HMRC, otolera misonkho, sanamvepo za inu. Msonkho wa khonsolo makalata ofiira aunjikana pansi pa chitseko, simutsegula n'komwe. Ngongole ya NHS, ya kuzipatala za boma, yofika mapaundi 500 nayonso amaiwerengera. Kukhala ndi ngongole si mlandu, tonse timakongola, koma kuithawa n'kumene kumaonetsa khalidwe la munthu. Imbani foni, gwirizanani kabwezedwe, sungani makalata ake. Konzani zimenezi kaye, fomu pambuyo.

Mwina wina akuti, nanga akapanda kuzindikira? Mvetserani bwino. Kunama pa fomu imeneyi ndi mlandu pawokha. Choopsa koposa n'chakuti lamulo lomwe lija la 1981 limalola boma kulanda unzika umene munthu anaupeza mwachinyengo kapena pobisa mfundo yofunika, ndipo palibe chaka chimene mungati tsopano ndapulumuka. Mudzakhala mutagula nyumba, ana ali kuyunivesite, kalata n'kufika. Amene munasintha chaka chobadwa, amene muli ndi mayina awiri, amene munabisa ukwati kapena ana amene munasiya kumudzi, dziwani kuti mafomu onse amene munadzazapo chifikireni amasungidwa ndipo amawayerekeza. Bodza limene munanena pofunsira viza yoyamba musalionjezere lina pamwamba. Pitani nalo kwa loya.

Ndikati loya ndikunena loya, osati madobadoba amene adzaza m'magulu athu. Khalidwe lija la pa ofesi ya mapasipoti kwathu, lofuna munthu wodziwa njira yachidule, talinyamula mpaka kuno. "Kuli ankolo ena amadzaza mafomu, anathandiza uje ndi uje." Ankolowo akulandira mapaundi mazanamazana pamanja, lisiti osapereka, ndipo akukuuzani kuti ichi musalembe, chingakuonongereni. Tsiku lokanidwa foni yawo siipezeka. Muno mu UK kupereka uphungu wa za imigireshoni popanda chilolezo ndi mlandu. Mlangizi woona amapezeka m'kaundula wa Immigration Advice Authority, bungwe lomwe kale linkatchedwa OISC, ndipo maloya a ku England ndi Wales ali pansi pa Solicitors Regulation Authority. Kufufuza dzina pa intaneti n'kwaulere. Ndipo kaya wakudzazirani ndani, amene akuvomereza kuti zonse zili pa fomuyo n'zoona ndi inuyo. Werengani mzere uliwonse musanatumize. Ngati nkhani yanu ilibe zokhota, mungathe kudzaza nokha mutawerenga bwinobwino malangizo a Guide AN. Safunsa anadya phula, inde, koma kufunsanso kumafuna kudziwa woyenera kumufunsa.

Za mboni ziwiri zimene fomu imafuna kuti zikuchitireni umboni nazonso mukuzitenga mopepuka. Aliyense mwa awiriwo akhale woti wakudziwani kwa zaka 3 kapena kuposerapo. Mmodzi akhale wa ntchito yodziwika monga namwino, mphunzitsi, dokotala kapena m'busa, wa dziko lililonse. Winayo akhale ndi pasipoti ya Britain, ndipo akhale wa ntchito yotero kapena wa zaka zoposa 25. Asakhale m'bale wanu, awiriwo asakhale pachibale, asakhale loya amene akukuyimirirani pa pempholi, asakhale wogwira ntchito ku Home Office. Tsono inu mukutenga msuweni wanu poti dzina la bambo ndi losiyana, kapena mukukakamiza abusa amene mwawadziwa miyezi inayi kuti alembe zaka zitatu. Mukuwaika anthu osalakwa m'mavuto. Nanunso amene mumasainira aliyense chifukwa choopa kuoneka oipa mtima, phunzirani kukana.

Mayeso sindichulutsapo mawu. Life in the UK Test, mayeso a za moyo ndi mbiri ya dziko lino, ndi mafunso 24, mphindi 45, muyenera kukhoza 18, ndipo kulemba kamodzi ndi mapaundi 50. Ngati munakhoza kale pofunsira ILR simulembanso. Chingerezi chimafunika cha mlingo wapakati wotchedwa B1 kuchokera kumalo oyesera ovomerezeka, kapena digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi. Musadzitame kuti ine Chingerezi ndinayamba ku Sitandade 1: Malawi, Zambia ndi Zimbabwe sali pa mndandanda wa mayiko amene anthu ake safunika umboni. Amene mwafika zaka 65 mayeso onse awiri sakukhudzani. Koma wina asayerekeze kutuma mnzake kukamulembera. Mu 2014 pulogalamu ya Panorama ya BBC itaulula chinyengo pa mayeso a Chingerezi a TOEIC, anthu masauzande ambiri anataya maviza, ena mwa iwo mpaka lero akunena kuti sanabere. Ngati moto unapsereza ndi okana mlandu omwe, wobera dala adzathawira kuti?

Yankho kawirikawiri limabwera m'miyezi 6. M'nyengo yodikirayi mukapalamula kapena kusamuka nyumba, adziwitseni. Kalata yovomera ikafika musayambe mwaitanitsa phwando n'kuiwala chachikulu: simunakhale nzika kufikira mutapita ku mwambo wa kukhonsolo, kukalumbira kuti mudzakhala okhulupirika kwa Mfumu Charles III ndi kumvera malamulo a dziko lino. Amakupatsani miyezi 3 kuti mukonze zimenezi. Mukalandira setifiketi, musaiike mu pulasitiki yomata ija, imaonongeka ndipo a mapasipoti angaikane. Komanso setifiketiyo si chiphaso choyendera. ILR yanu yathera pomwepo, choncho musagule tikiti ya ku Lilongwe mawa lake poganiza kuti mudzabwerera ndi pasipoti ya Malawi ngati kale. Pezani kaye pasipoti ya Britain, kapena chiphaso chosonyeza ufulu wanu wokhala muno chogwirizana ndi pasipoti yakwanu, ndiye muziuluka.

Kwathunso kuli malamulo, musaiwale. Britain salimbana ndi munthu wokhala nzika ya mayiko awiri. Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza unzika wa mayiko awiri mu December 2018, Zambia inatero mu 2016, ndipo malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amalola amene ali nzika mwa kubadwa. Koma dziko lililonse lili ndi ndondomeko yake. A Malawi funsani ku ofesi ya kazembe wathu ku London kapena ku Dipatimenti ya Imigireshoni kuti mudziwe zoyenera kulembetsa, makamaka inu amene muli ndi malo ndi nyumba kumudzi. Dziwaninso kuti mukakhala ku Malawi monga nzika ya Malawi, kazembe wa Britain kawirikawiri sangakulowerereni mukagwa m'mavuto ndi boma lakwanu.

Ndipo inu amene mwakhala pa ILR zaka ndi zaka mukuti ndidzachita chaka chamawa, dziwani kuti ILR imafa mukakhala kunja kwa UK zaka zopitirira 2 zotsatizana, pomwe unzika suchita zimenezo. Mu May 2025 boma linalengeza maganizo otalikitsa nthawi yodikira chilolezo chokhazikika kuchoka pa zaka 5 kufika 10 kwa anthu ambiri. Malamulo a kuno amasinthasintha, ndipo kawirikawiri amanka nalimba.

Chimene chimandipweteka koposa ndi ana. Makolo mukulumbira, mukujambulitsa ndi mbendera, mukuika pa Facebook, mukuganiza kuti ana alowa nawo okha. Salowa okha. Mwana wobadwira muno kholo limodzi lili kale ndi ILR kapena unzika ndi nzika chibadwire. Koma amene anabadwira muno inu musanakhazikike, ndi amene munabwera naye kuchokera kumudzi, ameneyo amafunika kumulembetsa payekha pa fomu ya MN1 asanakwane zaka 18. Ndalama ikavuta, kwa ana kuli njira yopempha kuti akuchotsereni malipiro, ndipo ambiri simufunsa n'komwe. Amene anabadwira muno n'kukhala zaka 10 zoyambirira za moyo wake muno ali ndi njira yakeyake yosatha ndi msinkhu. Koma uja munabwera naye ali wa zaka zisanu ndi ziwiri, akangokwana 18 khomo la ana latsekeka, ayambe yekha ngati wamkulu, ndi mtengo wa akuluakulu ndi zofunika zake zonse. Mwana woyankhula ngati wa ku Leeds, wosadziwa ngakhale njira ya ku Ntcheu, adzazindikire ali pa msinkhu wofunsira ntchito kuti si nzika chifukwa bambo ndi mayi ake anali otanganidwa ndi mashifiti. Usiku uno tulutsani zikalata zobadwira za ana anu, muwerenge kuti wamkuluyo watsala ndi miyezi ingati kuti akwane 18.